Daliso Chaponda: tikamaseka, timaseka ndani?

Awa ndi mawu amene mnzathu wa m'gulu la zisudzo anayankhula pa mkumano wa kalabu Loweruka lapitali. Tawaika pano kuti amene munajomba, ndi anzathu amene muli kutali, muwerenge nawo.

 Amene muli kumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Tinagwirizana kuti mwezi uno aliyense wa m'gulu la zisudzo asankhe munthu mmodzi waluso, afufuze za moyo wake, adzatiuze. Ndikudziwa kuti ena mumayembekezera woimba kapena wosewera mpira. Ine ndabwera ndi munthu amene ntchito yake ndi kuima pamaso pa anthu, maikolofoni m'manja, n'kumayankhula mpaka anthuwo aseke. Basi. Ndipo amadya pomwepo, amalipira nyumba pomwepo. Dzina lake ndi Daliso Chaponda.

Poyamba tisiyanitse zinthu. Tonsefe tinakula tikumva za Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi a gulu la Kwathu. Tikumudziwanso Manganya wa mu Tikuferanji. Amenewo ndi a zisudzo: munthu amavala jekete la eni, amatenga dzina la eni, ndipo ali ndi mnzake pambali woti amupulumutse akaiwala mawu. Zimene amachita Daliso azungu amazitcha stand-up. Umakwera pansanja wekha, ndi dzina lako lenileni, zovala zako za masiku onse, n'kumayankhula ndi anthu maso ndi maso. Akapanda kuseka, palibe woti um'loze chala. Holo yonse ikuona kuti wagwa ndiwe.

Daliso anabadwa mu 1979, koma osati ku Malawi kuno. Anabadwira ku Zambia. Makolo ake ndi Amalawi amene anatuluka m'dziko muno nthawi ya Kamuzu Banda, nthawi imene anthu ambiri ophunzira ankaona kuti bola kukhala kunja kusiyana ndi kukagona ku Mikuyu. Bambo ake ndi a George Chaponda a ku Mulanje, loya amene pambuyo pake anadzakhala phungu ndiponso nduna ya boma. Asanalowe ndale anagwira ntchito zaka zambiri ku UNHCR, nthambi ya United Nations yoona za anthu othawa kwawo, bungwe lomwe lija limathandiza ku Dzaleka. Ntchito imeneyi ndi yosamukasamuka. Lero Somalia, mawa Kenya, kenako Bangladesh, kenako Switzerland. Ndiye mwanayo anakula akusintha maiko, akusintha sukulu, akusintha anzake.

Amene munasamukako sukulu pakati pa chaka mukudziwa mmene zimakhalira. Walowa m'kalasi, aliyense akukuyang'ana, kayankhulidwe kako n'kachilendo, sukudziwa kuti woopsa ndani, wofatsa ndani. Ine ndimaganiza kuti luso la munthuyu linamera pamenepo. Mwana watsopano ali ndi njira ziwiri, kubisala kapena kuwaseketsa asanayambe kumuseka. Komanso mlendo amaona zinthu zimene eni mudzi anasiya kuziona. Inu mumadutsa pa Songani tsiku lililonse, simudabwanso kuona kondakitala akulumbira kuti minibasi yatsala ndi munthu mmodzi pomwe muli mipando isanu ndi umodzi yopanda anthu. Mlendo amaima, n'kudabwa, n'kufunsa. Paja akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Daliso wakhala mlendo paliponse pamene wapita, ngakhale kuno kwawo.

Atamaliza sekondale anapita ku yunivesite mumzinda wa Montreal ku Canada. Anayamba ndi maphunziro a kompyuta, aja makolo amagona tulo akamva kuti mwana akuchita, kenako anasintha n'kuyamba za mabuku ndi zolembalemba za Chingerezi. Ndi komweko kumene anayamba kuseketsa anthu mu 2001, ali mnyamata wa msinkhu wathu womwewu.

Kuyamba kwake sikukhala kwa ulemu ayi. M'mizinda ngati imeneyi muli malo omwera amene amakhala ndi usiku wa open mic, pamene aliyense wofuna amalembetsa dzina n'kupatsidwa mphindi zisanu. Salipidwa. Omvera ena aledzera, ena akucheza zawo, ena ndi oseketsa anzake amene akungodikira nthawi yawo. Munthu amayesa nthabwala khumi, ziwiri zokha n'kugwira. Amapita kunyumba, amafufuta zisanu ndi zitatu zija, amalemba zina, amabweranso sabata yamawa. Chimene chimaoneka ngati munthu akungocheza za m'mutu chimakhala kuti chinalembedwa, chinayesedwa kambirimbiri, mpaka anadziwa pamene ayenera kupuma ndi mawu amene ayenera kukhala omaliza.

Chionetsero chake choyamba chachikulu anachitcha Feed This Black Man, kunena kuti mudyetseni munthu wakudayu. Dzina lokhalo likukuuzani kumene mutu wake unaloza. Kumaiko a azungu, Africa amene anthu ambiri amamudziwa ndi wa pa zotsatsa za mabungwe opempha thandizo, mwana wa mimba yotupa, ntchentche kumaso. Iye anatenga chithunzi chimenecho, chimene enafe timachita nacho manyazi, n'kuchisandutsa chida. Nthawi yoti chiphaso chake chokhalira ku Canada ithe itayandikira, anapanga chionetsero china, Don't Let Them Deport Me, kutanthauza kuti musalole andithamangitse m'dziko muno. Munthu ali pa mavuto enieni a mapepala, koma akugulitsa matikiti a mavuto akewo. Ku Canada anachokako ndithu, anakhalako ku South Africa, kenako mu 2006 anakakhazikika ku UK.

Tsopano werengani nane. Anayamba mu 2001. Dziko linadzamudziwa mu 2017. Ndi zaka 16 zimenezo. Mwana amene anabadwa chaka chimene iye anagwira maikolofoni koyamba anali ali Fomu 2 kapena Fomu 3 pamene ife timamuona pa foni koyamba. Ndikunena izi chifukwa pali ena muno amene munaika mavidiyo atatu pa TikTok, sanayende, ndiye mwati luso mulibe.

Mu 2017 analowa mpikisano wa pa wailesi ya kanema ya ITV wotchedwa Britain's Got Talent, ali ndi zaka 37. Mu mpikisano umenewu mumalowa oimba, ovina, amatsenga, aliyense. Oweruza anali anayi: Simon Cowell, Amanda Holden, Alesha Dixon ndi David Walliams. Nthawi imeneyo woweruza aliyense anali ndi mwayi umodzi wokha pa chaka wodina batani lagolide, limene limadumphitsa munthu mpaka ku masemifainolo. Amanda Holden anadina lake chifukwa cha Daliso. Anafika mu ndime yomaliza mu June chaka chomwecho n'kukhala wachitatu, kumbuyo kwa Tokio Myers woimba piyano, amene anapambana, ndi kamtsikana kochita zamatsenga, Issy Simpson.

Vidiyo ya tsiku la batani lagolide ambiri munaionera, ena tinaionera limodzi pa foni imodzi titaunjikana. Koma ndikufuna tiyang'ane mkati mwake, chifukwa mfundo yanga yonse ili m'menemo.

Nthabwala ili ngati diwa. Pali kutchera, pali kufwamphuka. Umaika nyambo, womvera amalowa akuganiza kuti akudziwa kumene nkhani ikupita, kenako mwala uja n'kugwa kuchokera mbali imene samayembekezera. Funso ndi lakuti, diwalo likagwa, wapsinjika ndani?

Anayamba ndi kudzidziwitsa kuti ndi wa ku Malawi, ndipo kwa amene sakudziwa kumene Malawi ali anawakumbutsa kuti ndi kuja Madonna amatengako ana. Kenako anachita ngati akudandaula kuti wamusowa mng'ono wake. Holo inagwa ndi phwete. Paja Madonna watenga ana anayi m'dziko muno, woyamba mu 2006, wina mu 2009, ndi amapasa mu 2017 momwemo, ndiye nkhaniyi inali ikadali yotentha. Tsopano taonani. Pamwamba pake zikumveka ngati akuseka dziko lathu. Koma wapsinjika ndani? Ndi anthu amene za dziko lonse la anthu mamiliyoni akudziwapo chinthu chimodzi chokha, chimene anachiwerenga pa nkhani za anthu otchuka. Anawauza umbuli wawo pamaso, iwo n'kuwomba m'manja.

Kenako anafika pa nkhani ya mavuto a zachuma. Azungu a ku UK anakhala zaka akudandaula kuti chuma chawo chili pa mavuto aakulu. Iye anawafunsa ngati munthu wochokera ku Africa kuti mavuto ake ndi ati, nanga a UNICEF ali kuti, nanga bwanji sitinaone oimba akusonkhana kuti apulumutse UK. Anati adzakhulupirira kuti zavutadi tsiku limene makampani a ku India adzayambe kutsegula malo oyankhira mafoni ku UK. Kuti mumvetse bwino pamenepa: makampani ambiri a ku UK anasamutsira ntchito yoyankha mafoni a makasitomala ku India chifukwa kumeneko malipiro ndi otsika. Iye anangotembenuza chithunzicho, wolemera n'kumuika pa mpando wa wosauka kwa mphindi imodzi kuti aone mmene pamakhalira.

Ndicho chimene chimandikoka mwa munthuyu. Anaima pakati pa anthu olemera, m'dziko limene linatilamulira mpaka 1964, n'kuwaseketsa za iwo eni. Diwa lake limagwera m'mwamba.

Si onse amene anasangalala, ndipo sindikufuna kubisa zimenezo. Alipo Amalawi amene amati munthuyu akugulitsa umphawi wathu kwa azungu, kuti iye akamatchula njala ndi ana amasiye pansanja ya ku London, ena mu holomo sakumva kuti akunyozedwa ndi iwo, akungomva kuti Africa ndi yomvetsa chisoni monga ankaganizira kale. Mfundo imeneyi si yachabe. Nthabwala ikatuluka pakamwa sumaiperekeza kunyumba kwa womvera. Ena amatenga chakumutu, ena chakumchira. Ine ya Madonna ija ndimaiona kuti ili pa malire penipeni, chifukwa kumbuyo kwake kuli mabanja enieni amene analephera kulera ana awo. Ndimaseka, koma kuseka kwake kumandisiyira kena kake pakhosi.

Palinso china. Daliso ndi mwana wa nduna, anaphunzira kunja, ali ndi pasipoti yodzaza zidindo. Sanagoneko pa mzere wa ku ADMARC kudikira chimanga. Sanapalaseko njinga kuchoka kuno mpaka ku Zomba kukafunsa ganyu. Wina akatiuza kuti ingolimbikirani mudzakhala ngati Daliso, tiyenera kumufunsa kuti tikiti ya ku Montreal atigulira ndani. Njira yake si yathu. Koma kukhala mwana wa nduna sikuseketsa anthu. Simon Cowell sadziwa kuti Mulanje ili kuti. Pansanja paja anakwera yekha, ndi zimene analemba yekha.

Ndipo si azungu okha amene diwa lake linawagwera. Mukukumbukira, kapena munamva, kuti mu 2010 boma la Bingu wa Mutharika linasintha mbendera. Dzuwa lotuluka lija analichotsa n'kuikapo dzuwa lathunthu loyera, ati chifukwa dziko latukuka, sitilinso m'bandakucha. Pasanathe nthawi yaitali anthu anayamba kugona pa malo omwetsera mafuta, ndalama zakunja zinasowa, magetsi ankangothimathima. Daliso atabwera kudzachita chionetsero chake cha Laughrica kuno kumudzi, anaseka za mbendera yatsopanoyo. Akuluakulu a boma sanaseke nawo, anamuopseza kuti amumanga chifukwa chonyoza mbendera. Malamulo ake analipo, akale a nthawi ya chipani chimodzi: la 1967 loteteza mbendera ndi zizindikiro za dziko, ndi la 1968 limene linakhazikitsa Censorship Board, bungwe limene kale linkayenera kuona sewero lisanaonetsedwe kwa anthu. Chodabwitsa n'chakuti bambo ake anali nduna m'boma lomwelo limene linasintha mbendera. Sanamangidwe. Mbendera yakale inabwerera mu 2012 Joyce Banda atalowa m'boma, ndipo nkhani ya kuopsezedwa ija Daliso anaisandutsa sewero la pa wailesi ya BBC lotchedwa When the Laughter Stops, limene analemba ndi mnzake Sibusiso Mamba.

Ife a kuno nkhani yotere isatidabwitse. Mikuyu si kutali ndi pano. Jack Mapanje, mphunzitsi wa ku Chancellor College, anakhala m'ndende imeneyo kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu, munthu amene chida chake chinali ndakatulo. Olamula amapirira kutukwanidwa kusiyana ndi kusekedwa. Ukamutukwana wamkulu, amaoneka woopsa. Ukamuseka, amaoneka wamng'ono, ndipo anthu akaseka limodzi amazindikira kuti onse amaganiza chimodzimodzi, kungoti aliyense amaopa payekha.

Za bambo ake ndinenepo pang'ono, chifukwa sungakambe za Daliso n'kuzilumpha. Mu 2011, a George Chaponda ali nduna ya zachilungamo, ananena pa wailesi kuti lamulo latsopano la makhoti a m'madera lidzaletsa kuphwisa pagulu. Mkulu wina wa zamalamulo m'boma momwemo anatsutsa, nati mawuwo akunena za kuipitsa mpweya ndi utsi ndi zonyansa, koma nkhani inali itawuluka kale, manyuzipepala a dziko lonse lapansi akutiseka. Tangoganizani, ntchito yako ndi nthabwala, ndiye nthabwala yaikulu ya chaka chonse yatuluka m'nyumba mwanu. Mu 2017 zinali zolemera kuposa apo. Mu February chaka chimenecho a Chaponda anachotsedwa pa unduna wa zaulimi chifukwa cha nkhani ya chimanga chogulidwa ku Zambia, a ACB n'kulowererapo. Khoti la ku Zomba konkuno linadzawapeza osalakwa mu 2018. Koma m'miyezi imene mwana amawomberedwa m'manja ku London, dzina la Chaponda kuno kumudzi limatchulidwa ndi mkwiyo. Ena pa Facebook anakana kumusangalalira mwanayo chifukwa cha dzinalo. Ine pamenepo ndimakana. Mlandu wa bambo, kaya ulipo kaya palibe, suweruzidwa pa mwana.

Mpikisano utatha sanazimirire monga amachitira ambiri a m'mipikisano ya pa kanema, chifukwa anali ndi nkhokwe ya zaka 16. Anayenda m'mizinda ya ku UK ndi chionetsero chotchedwa What the African Said. Mu 2018 BBC Radio 4 inamupatsa pulogalamu yakeyake, Citizen of Nowhere, kunena kuti nzika ya dziko losadziwika, imene ankaiyendetsa pamaso pa anthu, akufotokoza moseketsa mbiri ya ubale wa UK ndi Africa, za atsamunda, za thandizo, za anthu osamukira m'maiko a eni. Mawu a dzinali anatchuka mu 2016 pamene Theresa May, nduna yaikulu ya UK nthawi imeneyo, ananena kuti munthu wodzitcha nzika ya dziko lonse lapansi ndiye kuti si nzika ya kulikonse. Chimene chinanenedwa monyoza, Daliso anachivala ngati dzina. Wakhala akuoneka m'mapulogalamu a pa kanema a kumeneko, ndipo mu 2020 anaseketsa anthu pa Royal Variety Performance, chionetsero cha chaka ndi chaka chimene chimachitika m'dzina la banja lachifumu.

Kuchoka pa nthabwala kupita pa kuyendetsa pulogalamu ndi njira yodziwika. Trevor Noah wa ku South Africa anayamba chimodzimodzi, maikolofoni ndi iye yekha, n'kudzayendetsa The Daily Show ku America kuyambira 2015 mpaka 2022. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Munthu amene waima zaka zambiri pamaso pa anthu osafuna kuseka amaphunzira kuwerenga nkhope, kudziwa nthawi yodula nkhani, kuyankha msanga zinthu zikasokonekera. Eni mawailesi amalipira zimenezo. Kuno kwathu njira inapita kutali kuposa pamenepo: a Michael Usi, Manganya yemwe uja, anakhala nduna, kenako mu June 2024 anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko a Saulos Chilima atamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa. Za ndale zawo aliyense ali ndi maganizo ake, sindilowako. Ndikungoti amene amatiuza kunyumba kuti zoseketsa anthu n'zachibwana awerengenso bwino.

Tsopano ndibwere kwa ife, ndipo a wapampando mundikhululukire ngati ndiponde zala za ena.

Taganizirani masewero amene gulu lathu lachita chaka chino, ndi timavidiyo timene timajambula kuseri kwa holo ino. Chitsiru chimakhala ndani? Nthawi zambiri ndi munthu wakumudzi amene wafika m'tauni n'kumaopa magalimoto. Kapena ndi munthu woyankhula Chichewa chopendekera ku Chiyao, anthu n'kumafa ndi kuseka, pomwe theka la ife muno ndi mmene amayankhulira amayi athu ndi agogo athu. Kapena wachibwibwi. Kapena mzimayi wonenepa. Kapena mtsikana amene watenga mimba ali pasukulu, iye n'kukhala choseketsa, bambo wamkulu amene anamupatsa mimbayo osaoneka n'komwe mu sewerolo. Anthu amaseka, eya, sindikukana. Koma diwa lathu likugwera pansi, pa anthu amene moyo unawapsinja kale.

Pali pena pamene zimenezi zimasiya kukhala nkhani ya ulemu chabe. Kuyambira cha m'ma 2014 dziko lino laona anzathu achialubino akubedwa ndi kuphedwa, ndipo Machinga, tsidya lomweli, ndi limodzi mwa maboma amene anamveka kwambiri. Pali anyamata amene akaona munthu wachialubino akudutsa amakuwa kuti ndalama izo, n'kumati akungocheza. Imeneyo si nthabwala. Amene akukuwiridwayo amapita kunyumba n'kukagona maso ali pa chitseko. Ngati mawu otere adzalowe mu sewero la gulu lino, ine ndidzatsika pansanja.

Wina anena kuti nanga tiziseka chiyani, poti za akuluakulu n'zoopsa. Zoona, kusamala kukufunika. Lamulo la 2016 la zochitika pa intaneti lagwiritsidwapo ntchito kumanga anthu chifukwa cha zimene analemba pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo ife tilibe loya m'banja. Kunamizira munthu pomutchula dzina si nthabwala, ndi mlandu. Koma simukufunika kutchula dzina la munthu kuti museke khalidwe. Makolo athu anadziwa kale zimenezi. Amayi pamtondo ankaimba nyimbo zodandaula za mwamuna waulesi kapena apongozi ovuta, mudzi wonse ukumva, mwini wake akumva, koma palibe woti akawasumire. Pamaliro adzukulu amaseka ngakhale akuluakulu a pabanjapo, ndipo palibe amawaletsa. Kwa anzathu Achewa, Gule Wamkulu ali ndi Simoni, wa nkhope yofiira, amene amatsanzira mzungu. Kuseka kolozetsa m'mwamba si kwa ku Manchester ayi, n'kwathu.

Ndipo nkhani zake zili mbwee m'chigwa chino. Wandale amene amatikumbuka pakatha zaka zisanu, atanyamula nsalu ndi ma T-shirt, n'kulonjeza mlatho womwe uja analonjeza ulendo wapita. Mndandanda wa feteleza wotsika mtengo umene umakhala ndi maina a anthu amene tinawaika m'manda kalekale, amoyo osapezekapo. Msonkhano wa bungwe wokambirana za njala umene umachitikira ku hotela ya kunyanja, nkhuku ndi chambo zili pambale. Malonda a ntchito amene amafuna munthu wa zaka 22 wodziwa ntchitoyo kwa zaka khumi. Mneneri amene amaona nambala ya foni yako m'masomphenya koma osaona kuti denga la tchalitchi chake likudontha. Ifenso eni ake, amene tili ndi satifiketi ya MSCE m'chikwama cha pulasitiki pansi pa matiresi, tavala bwino kupita ku Zomba kukangozungulira kuti anthu aziti tili ndi zochita. Kudziseka wekha n'kololedwa, Daliso amachita kwambiri zimenezo, ndipo ndi pamene anthu amayamba kukukhulupirira.

Chimodzi chimene ife tili nacho chimene iye alibe ndi chiyankhulo. Daliso amaseketsa m'Chingerezi. Agogo anga atamuonera sangaseke, osati chifukwa nthabwalayo ndi yofooka, koma chifukwa sinaphikidwire iwo. Izeki ndi Jakobo ankafika pamtima pa munthu wa ku Malosa ndi wa ku Ndirande chimodzimodzi chifukwa ankayankhula ngati ife. Alipo amene akuyesa stand-up m'Chichewa ndi m'ziyankhulo zina za kuno, monga Mr Jokes ndi Nya-Uyu, koma bwalo likadali lalikulu. Nanga m'Chiyao? Muno muli anthu amene mukamacheza pa bawo kapena podikira kabaza mumatigwetsa pansi ndi kuseka m'Chiyao, koma mukakwera pansanja mumasanduka anthu ena, mumayamba kutsanzira za pa YouTube ndi Chingerezi chobwereka.

Ndiye pempho langa kwa gulu la zisudzo ndi ili, ndipo a wapampando avomera kale kutipatsa theka la ola pa mkumano wa Loweruka la mawa lino. Aliyense wofuna abwere ndi mphindi zitatu zake. Zolemba papepala, osati za m'mutu, chifukwa tikufuna tidzathe kuona mzere umene wagwira ndi umene wafa. Chiyankhulo chilichonse, Chichewa, Chiyao, Chilomwe, kaya kusakaniza. Palibe jekete long'ambika, palibe kudzipaka makala kapena ufa kumaso, palibe mnzako pambali. Osatchula dzina la munthu wa m'mudzi muno. Ukamaliza tidzakufunsa funso limodzi lokha, kuti diwa lako lagwera ndani, ndipo udzayankhe wekha.

Atsikana, mphindi zimenezi ndi zanunso. M'masewero athu mumangopatsidwa mbali ya mkazi wolira kapena wolongolola, pomwe pa chitsime ndi inu amene mumatha kutsanzira mfumu, abusa ndi shehe mpaka munthu kugwetsa ndowa. Osajambula vidiyo tsiku limenelo, mafoni akhale m'matumba, kuti amene zimukanike asadzapezeke pa gulu la WhatsApp madzulo ake. Amene mukufuna kulembetsa muonane ndi alembi tikamatuluka. Ine ndalembetsa kale, ndili nambala wani, ndiye ngati kudzakhale chete woyamba kumumva ndidzakhala ine.